Wufa ikamalira yokha mukaika mbale pa turntable

Nyimbo za pafoni kapena za pa fulashi zimamveka bwinobwino, bezi ikugunda mwaukhondo ngakhale mutakweza mpaka malova a pawindo kuyamba kuyankha. Koma mukaika mbale ya vinyl pa turntable, makina oimbira mbale ndi singano, n'kukweza pang'ono, wufa imayamba "wuuuu" wapansipansi amene amangokulirakulira mpaka mutathamangira kukatsitsa volyumu. Nthawi zina sifika polira. Bezi imangomveka yamatope, ndipo mukachotsa nsalu yakutsogolo mumapeza pepala la wufa likupuma ngati chifuwa cha munthu amene wathamanga, nyimbo isanayambe n'komwe. Ndalimbana nalo vutoli pabalaza panga komanso m'nyumba zingapo muno mu Lilongwe, ndipo chimene ndatolapo n'chakuti ambiri timathamangira kugula timiyendo tarabara tisanadziwe kuti kunjenjemerako kukudzera njira iti.

Singano siisankha. Ntchito yake ndi kumva kugwedezeka kochepetsetsa m'kanjira ka mbale n'kukusandutsa magetsi, ndipo kaya kugwedezekako kwachokera mu nyimbo kapena ku kabati imene wufa ikugwedeza, kwa iyo n'chimodzimodzi. Cartridge, kamutu kamene kamanyamula singano kunsonga kwa mkono wa turntable, ya mtundu wamba wa MM (moving magnet) imatulutsa mamilivoti 3 mpaka 5 okha, ndiye phono preamp, kachipangizo kokuza magetsiwo asanafike ku ampu, imakuza mphamvuyo ka 100, amene ndi 40 dB pa muyeso wa kukula kwa mawu, pa 1 kHz (Hz ndi kuchuluka kwa kugwedezeka pa sekondi imodzi, ndipo 1 kHz ndi 1,000 Hz). Pamwamba pa izo pali muyezo wa RIAA, bungwe la makampani ojambula nyimbo ku America, wa mu 1954. Podula mbale amachepetsa dala bezi kuti tinjira tisadye malo ambiri, ndipo poiseweretsa preamp imabwezera beziyo: pafupifupi 17 dB pa 50 Hz, ndi 19 dB pa 20 Hz. Mukaphatikiza, kugwedezeka kwa 20 Hz kumakhala kutakuzidwa pafupifupi ka 900 kusanafike n'komwe ku ampu. Wufa ikagwedeza mbale, singano imamva, ampu imakuza, wufa imagwedezanso mwamphamvu kuposa poyamba. N'zomwe zija zimachitika kutchalitchi maikolofoni ikayandikira sipika, kungoti kuja kumakhala kulira kosongoka pamene kuno n'kwapansi.

Musanasunthe chilichonse, yambani mwadziwa ngati ndi feedback, kuzungulira kumene ndafotokozaku, kapena hum, kulira kochokera ku magetsi, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Kwezani mkono wa turntable kuti singano ikhale m'malere, kenako kwezani volyumu. Ngati mukumvabe "mmmm" wosasintha, wosakula yekha, limenelo ndi vuto la magetsi. Magetsi athu ndi a 230 V pa 50 Hz, ndipo hum imamveka pa 50 Hz pomwepo kapena pa 100 Hz. Onani ngati kawaya kakang'ono ka ground kamangidwa pa sikuluwu yolembedwa GND kumbuyo kwa ampu kapena preamp. Turntable, ampu ndi wufa zonse zitenge moto pa extension imodzi. Zulani chingwe cha dishi kapena cha eriyo chimene chalowa mu dikoda ngati dikodayo yalumikizidwa ku ampu yomweyo, mumve ngati hum yasiya. Ampu ndi wufa zili ndi thiransifoma imene cartridge imaimva, choncho zitalikirane nayo masentimita 40 kapena 50. Ngati hum imangobwera mukakhala pa inveta, makamaka zotchipa zija za modified sine wave, vuto si la turntable. Chinthu chimodzi chokha musayerekeze: kuchotsa chitsulo cha earth pa pulagi ya wufa. Hum ikhoza kutha, koma tsiku lina bokosi lachitsulo lakumbuyo lidzagwira munthu.

Onaninso switchi yaing'ono yolembedwa PHONO ndi LINE imene ili kumbuyo kwa ma turntable ambiri atsopano monga Audio-Technica AT-LP60X ndi AT-LP120X. Ikakhala pa LINE koma waya mwalowetsa pa PHONO ya ampu, bezi imabwezeredwa kawiri, ndipo wufa imalira volyumu isanafike ndi pa kota pomwe. LINE ipite ku AUX, PHONO ipite ku PHONO.

Ngati kuli zii singano ili m'malere, chitani muyeso umene ndimaudalira kuposa wina uliwonse. Ikani mbale yakale imene simukuidandaula, mota ikhale yozimitsa kuti mbale isazungulire, n'kutsitsira singano pambalepo. Ma turntable odziyendera okha amene amayamba kuzungulira mukangosuntha mkono, azuleni pa soketi, bola ngati mukugwiritsa ntchito preamp yakunja kapena ya mu ampu. Tsopano kwezani volyumu pang'onopang'ono, dzanja lisachoke pa batani. Pamene mwangomva kulira kukuyamba, tsitsani msanga, ndipo lembani malowo pa kapepala komata pambali pa batanilo, kapena lembani nambala ngati ampu yanu imaonetsa ma dB. Chizindikiro chimenecho ndicho chidzakuuzeni zoona pa chilichonse chimene musinthe kuyambira apa. Sinthani chinthu chimodzi, yesaninso, lembani. Makutu amanyenga, makamaka munthu ukakhala kuti waononga ndalama ndipo ukufuna kuti zikhale kuti zathandiza.

Chotsatira chilibe mtengo: chotsani chivundikiro chapulasitiki chija, chichokeretu pa mahinjesi ake. Chikakhala chotsegula chimakhala ngati thanga la bwato, chimakola mphepo ya bezi n'kuipereka ku thupi la turntable. Kutseka kumathandiza pa ena, pa ena kumapanga kabokosi kolira. Yesani njira zonse zitatu. Kwa ine kuchotseratu ndiko kumapambana pafupifupi nthawi zonse, ndipo fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala si chifukwa chokanira, mumavundikira mukamaliza kumvera.

Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu okhala m'nyumba zapansi pa matabwa, kumene munthu akangoponda singano imadumpha. Zathu ndi zina. Nyumba zambiri ku Area 18, Area 25, Area 47, Chilinde kapena Kawale pansi pake ndi simenti yothiridwa padothi, makoma ndi a njerwa kapena mabuloko. Simenti yotere siinyamula kunjenjemera kwambiri. Wolakwa kawirikawiri ndi kabati ya TV kapena display ija ya chipboard, yopepuka, yamphako mkati, imene timaunjikapo zonse: turntable pamwamba, masipika mbali ndi mbali, wufa pansi pake kapena itatsamira m'mbali mwake. Kabati yotere ndi ng'oma. Gogodani pamwamba pake ndi chala singano ili pa mbale yoima ija, volyumu ili pang'ono, mumve "bum" amene atuluke mu wufa. Gogodaninso pakhoma ndi pansi, musiyanitse. Wolakwa wachiwiri ndi mpweya wa m'chipindamo, chifukwa makoma a njerwa sameza bezi, amaibweza yonse.

Kuti mudziwe kuti yaikulu ndi iti mwa njira ziwirizi, tsitsani turntable muiike pa simenti penipeni, n'kubwereza muyeso. Chizindikiro chikakwera kwambiri, ndiye kuti vuto linali kabati. Chikangosuntha pang'ono, vuto likudzera mu mpweya, ndipo zoyala pansi sizikuthandizani kwenikweni mpaka mutasintha malo.

Chipinda chilichonse chili ndi manotsi a bezi amene chimawakonda. Kuwerengera kwake n'kosavuta: chulukitsani utali wa chipinda kawiri, kenako 343, amene ndi mamita amene mawu amayenda pa sekondi, mugawe ndi yankholo. Pabalaza pa mamita 5 mulitali ndi 4 mulifupi pamakuza 34 Hz ndi 43 Hz, ndipo siling'i ya mamita 2.7 imaonjezerapo 64 Hz. Manotsi amenewa amakhala amphamvu kwambiri pafupi ndi khoma, ndipo pakona ndi pamene onse amakumanirana. Pakati pa utali wa chipinda notsi yoyambayo imatsala pang'ono kuzimiririka. N'chifukwa chake mtunda wokha sukwanira. Mukhoza kuika wufa pakona ina, turntable pakona ya kutsidya mamita 5, kulira osatha, chifukwa makona onse amadya m'mbale imodzi. Ikani pulogalamu ya tone generator, yoimba notsi imodzi imene mwasankha, pafoni, lumikizani ku AUX, imbani 30, 35, 40, 45, 50 ndi 60 Hz pa volyumu yapakatikati, ndipo muyende m'chipindamo khutu lili pa msinkhu umene turntable idzakhale. Mudzadabwa kuti sitepe imodzi yokha imasintha bezi kuchoka pogwedeza chifuwa n'kufika posamveka. Turntable ikhale pamene bezi yafooka. Kawirikawiri pamakhala chapakati pa khoma la m'mbali, kutali ndi kona ndi mita imodzi kapena kuposa. Kapu ya madzi yoikidwa pamalo amene mukuganizirawo imaonetsanso: madzi akamachita timafunde, pamenepo ayi.

Wufa nayo ichoke pakona ngati n'kotheka, isakhudze kabati, ndipo bowo lake lotulutsira mpweya lisaloze ku turntable. Pansi pake yalani thabwa lokhuthala pamwamba pa siponji yolimba ya masentimita 5, kapena rabara yokhuthala. Wufa zoyang'ana pansi zimafuna thabwa loterolo kuti mpata wa miyendo yake usatsekeke. Pa matailosi gogodani kaye ndi ndalama yachitsulo. Tailosi imene ikumveka yamphako imanjenjemera ngati chivundikiro cha poto, ndiye musaikepo wufa kapena mwendo wa tebulo la turntable. Timiyendo tosongoka tachitsulo tija sitilekanitsa kanthu, timalumikiza wufa ndi pansi, ndipo pa matailosi timangoswa. Za mathireyi a mazira okhomedwa pakhoma, funde la 40 Hz ndi lalitali mamita 8.6, ndipo katoni ya masentimita 5 ilibe chochita nalo.

Kumbuyo kwa wufa kuli mabatani amene ambiri timawasiya ali pamapeto. Crossover, batani loika malire a manotsi amene wufa iziimba, ikhale pa 80 Hz, kapena 50 mpaka 60 Hz ngati masipika anu akuluakulu ali ndi bezi yawo kale. Volyumu ya wufa itsike mpaka musamathe kuloza kuti bezi ikuchokera pati. LOUDNESS ndi BASS BOOST pa ampu zizime. Switchi ya PHASE ya 0 ndi 180 nthawi zina imakankhira kulira patsogolo pang'ono, koma muisankhe potengera mmene bezi ikumvekera pampando wanu, osati ngati mankhwala a feedback.

Pali kanthu kena kamene kamaiwalika. Ngati wufa ili ndi polowetsera pawiri, L ndi R, lumikizani mawaya onse awiri. Singano ikagwedezeka chokwera ndi chotsika, monga imachitira pa mbale yopindika kapena pa shelefu yonjenjemera, magetsi a kumanzere ndi a kumanja amatuluka otsutsana. Wufa ikawaphatikiza, mbali yaikulu ya phokosolo imafafanizika, pamene bezi ya nyimbo, imene pa mbale zambiri inadulidwa yofanana mbali zonse, imatsala. Mukalumikiza waya umodzi mwataya mwayi umenewu.

Tsopano pokhala turntable. M'nyumba ya njerwa palibe choposa shelefu yapakhoma. Wowotcherera aliyense angakupangireni mabulaketi awiri a angle iron ya mamilimita 40, otuluka masentimita 42 kuchoka kukhoma, okhala ndi chogwiriziza chopingasa. Thabwa likhale la masentimita 50 ndi 42, lokhuthala mamilimita 25 kapena kuposa, la mtengo wolimba kapena mapulayiwudi awiri omatidwa ndi guluu. Akalipentala a ku Mchesi amadula zotere tsiku lomwelo. Mangani ndi mabawuti 4 a M8 otambasuka mkati mwa khoma, amene amapezeka m'mahadiweya a ku Malangalanga ndi ku Old Town, ndipo mubowole pa njerwa penipeni, osati pa matope a pakati. Mabuloko a simenti amphako amavuta: bawuti imalowa m'malere n'kumazungulira, ndiye funani pamene buloko ili yodzaza kapena gwiritsani ntchito mabawuti opangidwira makoma amphako. Khoma likhale lonyamula nyumba, osati logawa zipinda la pulayiwudi, komanso lisakhale lomwe chitseko chimamenyetsedwapo. Ikani levulo mbali zonse ziwiri musanamange komaliza. Ngati shelefu yatalikirana ndi ampu, musatalikitse mawaya ochokera ku turntable kupitirira mita imodzi ndi theka, chifukwa waya wautali umasokoneza mawu apamwamba a cartridge ya MM ndipo umatola hum. Preamp ndiyo ikhale pafupi ndi turntable, kenako kuchoka pa preamp kupita ku ampu waya wa mamita 5 ulibe vuto.

Ambiri tili pa lendi ndipo alandilodi salola kubowola khoma. Apa ndiye pofunika mwala ndi chofewa pansi pake, koma pali masamu amene akapanda kutsatidwa zinthu zimaipiratu. Chofewa chilichonse chikasenza katundu chimakhala ndi liwiro lake lodumphira, ndipo chimayamba kutchinga kunjenjemera pokhapokha pamwamba pa liwirolo kuchulukitsa ndi 1.4. Pafupi ndi liwirolo chimakuza kunjenjemera m'malo mochepetsa. Moyerekeza, liwirolo ndi 16 kugawa ndi square root ya mamilimita amene chofewacho chaphwanyika. Chikaphwanyika milimita imodzi ndi 16 Hz, ndipo chimayamba kuthandiza cha pa 22 Hz. Mamilimita 4 ndi 8 Hz. Mamilimita 10 ndi 5 Hz. Rabara yolimba imene siikuoneka n'komwe kuti yaphwanyika ikhoza kukhala ikudumpha pa 30 kapena 40 Hz, pomwe pali vuto lanu lija. Ndicho chifukwa turntable yopepuka ngati AT-LP60X, yosakwana makilogalamu 3, siipindula kanthu mukaiika pa timarabara tolimba. Ilibe kulemera kotiphwanya.

Mwala ndiwo umabweretsa kulemerako. Chidutswa cha granite cha masentimita 50 ndi 40, chokhuthala 3, chimalemera pafupifupi makilogalamu 16, ndipo opanga ziliza ndi matebulo a m'khitchini amakhala ndi zotsala zotere. Silabu ya konkire ya 45 ndi 45 ndi 5 imafika makilogalamu 24, choncho tsimikizani kuti tebulo lanu lipirira. Pansi pa mwalawo ikani chubu cha njinga ya ana cha mainchesi 12 kapena 16, chopopedwa pang'ono kwambiri, kungoti mwala uyandame osakhudza tebulo. Kulakwitsa kumene ndakuona kobwerezabwereza ndi kupopa chubu mpaka kulimba ngati cha kabaza. Chikatero chimasanduka mpira. Mukakanikiza mwala ndi chala n'kusiya, uziyenda mwaulesi, kamodzi kapena kawiri n'kuima. Lowetsani kapaipi komwera zakumwa pansi pa chubu kuti mpweya wotsekeredwa pakati uzituluka, apo ayi umalimbitsa zonse. Mbali ya mota imalemera kuposa inzake, ndiye sunthani chubu kapena turntable mpaka levulo igwirizane. Pakati pa mwala ndi miyendo ya turntable yalani karabara kopyapyala, chifukwa granite payokha imalira ngati belu. Mipira ya squash kapena ya tenesi yodulidwa pakati imagwiranso ntchito, zidutswa 4 mpaka 6 kutengera kulemera, ngakhale siifika pa chubu. Sorbothane, mtundu wa rabara yofewa yomeza kunjenjemera, ngati mwaitanitsa kunja, igulidwe molingana ndi kulemera kwa katundu wanu kuti iphwanyike ndi 10 mpaka 20 peresenti. Yosaphwanyika ndi ndalama yotayika.

Bokosi la mchenga ndi njira ina kwa amene safuna zoyandama: bokosi la 55 ndi 45, mchenga wa kumtsinje wosefa, woumitsidwa bwino padzuwa, wakuya masentimita 7, ndi thabwa pamwamba losiya mpata wa mamilimita 5 kuzungulira kuti lisakhudze m'mbali. Umakwana makilogalamu pafupifupi 28. Umameza kulira kwa kabati bwino, koma pa bezi yapansi kwambiri sufanana ndi chubu.

Zonsezi sizikukhudza ma turntable okhala kale ndi masipuling'i mkati, monga Thorens TD 160 kapena ma Dual akale. Amenewa amafuna pamalo polimba ndi posagwedera. Mukawaika pa chubu, masipuling'i awiri amalimbana ndipo singano imadumpha. Pa ma Dual ndi ena otere onani ngati masikuluwu omangira paulendo anamasulidwa. Ambiri obwera nawo kuchokera ku Joni kapena ku UK amaseweretsa chaka chonse makina ali omangidwa, masipuling'i osagwira ntchito. Technics SL-1200MK2, yolemera makilogalamu oposa 12 ndi miyendo yake yofewa, imapirira zambiri, n'chifukwa chake ma DJ anaikonda kuyambira pamene inatuluka mu 1979, komabe nayo imalira ikakhala pa kabati imodzi ndi wufa.

Kupuma kwa pepala la wufa kuja, kopanda phokoso, gwero lake ndi lina. Mkono ndi cartridge nazo zili ndi liwiro lawo lodumphira, ndipo malo abwino ndi pakati pa 8 ndi 12 Hz, pamwamba pa mafunde a mbale yopindika koma pansi pa nyimbo. Kuwerengera kwake ndi 159 kugawa ndi square root ya kulemera konse kuchulukitsa ndi compliance ya cartridge, nambala yosonyeza kufewa kwa pamene singano yagwirira. Mkono wa SL-1200 ndi magalamu 12, cartridge ya Ortofon 2M Red ndi 7.2, masikuluwu theka la galamu, compliance ndi 20, ndipo yankho limabwera pa 8 Hz, m'mphepete penipeni. Apa mukuona chifukwa chake chofewa chophwanyika mamilimita 4 chili choopsa: chimadumpha pa 8 Hz pomwepo, n'kumakankha mkono pamene uli wofooka. Pitani pansi pa 5 Hz kapena khalani pamwamba pa 14. Mukuonanso kuipa kwa chizolowezi chomata ndalama yachitsulo pamutu pa mkono kuti singano isadumphe. Kulemera koonjezerako kumatsitsira liwiro lija m'dera la mbale zopindika, kupuma kumakula, singano ndi mbale zimatha msanga. Gulani kasikelo ka digito koyeza mpaka 0.01 g, muike kulemera kumene wopanga ananena: 1.8 g pa 2M Red, 2.0 g pa AT-VM95E.

Mankhwala a kupumako ndi subsonic filter, fyuluta yodula manotsi apansi kwambiri osamveka ndi khutu. Ndi yofunika kwambiri pa wufa zokhala ndi bowo, chifukwa pansi pa notsi imene bowolo linachunidwira, mpweya wa m'bokosi sugwiranso pepala, limangokupiza mpaka koyilo kumenya pansi kapena kupsa. Maampu ambiri a m'ma 1970 ndi 1980 ali ndi batani la SUBSONIC lodula cha pa 15 mpaka 20 Hz. Lolembedwa LOW FILTER muyambe mwaliyesa, ena amadula pamwamba kwambiri n'kudya bezi ya nyimbo. Kadulidwe ka IEC, bungwe la padziko lonse la miyezo ya zamagetsi, ka mu 1976 kamene kali m'ma preamp ena n'kofatsa, 6 dB yokha pa octave (nthawi iliyonse ma Hz akatsika ndi theka), ndipo pa mbale yopindika kwambiri sikakwanira. Pogula preamp funani yodula 18 dB pa octave kapena kuposa. Dziwani kuti fyuluta imeneyi siithetsa kulira kwa pa 40 Hz, chifukwa kumeneko ndi m'kati mwa nyimbo. Chotsindira mbale cha magalamu 200 mpaka 400 chimathandiza mbale kugona bwino, koma pa ma turntable opepuka a lamba ndi a masipuling'i chimalemetsa bering'i. Kutentha kwa mu Okutobala kumapinda mbale msanga, ndiye zisungidwe choimirira, kutali ndi windo, ndipo zisasiyidwe m'galimoto.

Mukamaliza bwerezani muyeso wa mbale yoima. Ine ndimakhutira pamene kulira kukuyamba 10 dB kapena kuposa pamwamba pa volyumu yaikulu imene ndimamvera, chifukwa feedback imayamba kudetsa bezi isanafike pomveka ngati kulira. Pa ampu yopanda manambala, ngati mumamvera batani lili pa 10 koloko, kulira kusayambe lisanadutse 1 koloko. Amene mwasankha chubu, siyani valavu yake poonekera ndipo muziikapo levulo milungu iwiri iliyonse. Chimaphwa pang'onopang'ono, mbali ya mota ndiyo imayamba kutsika, ndipo mwala ukangokhudza tebulo kulira kumabwerera.